Amene Anadya Matayala

Jorge anagwada m'matope pafupi ndi tayala lakumbuyo la galimoto yawo, nalisisita ndi chikhatho. Kawaya kotuluka m'mphira kanamubaya chala.

"Amakaniko ku ofisina, kokonzera magalimoto kuja, akuti izi si za maenje a msewu wa ku Lione," anatero osamuyang'ana mkazi wake. "Matayala akumbuyo asalala ngati dazi, mashoko akuchucha mafuta. Akuti alipo amene amaitereretsa dala galimotoyi pa phula lonyowa."

Suzete anaima pakhonde, manja m'chiuno. Mvula inali itayambanso kuwaza.

"Iwe umangonyamulira mbatatesi basi," Jorge anapitiriza, akuyamwa magazi pachala. "Ndiye undiuze, ndi mwamuna uti amene umamupatsa makiyi?"

Mawuwo anamuotcha Suzete, koma osati chifukwa chomuganizira chibwenzi. Chinamuwawa n'chakuti bamboyu anaona chapafupi kukhulupirira chigololo kusiyana ndi kukhulupirira manja ake. Ndi manja omwewa amene amapotokola chiwongolero pabwalo la phula kuseri kwa nkhokwe zakale mvula ikangokata, galimoto n'kumayenda cham'mbali, madzi akuwazikira uku ndi uku, iye akukuwa yekhayekha ngati mtsikana.

Suzete analowa m'nyumba, natuluka ndi makiyi. Analiza injini, kenako anatambasula mkono n'kukankha chitseko cha mbali inayo.

"Wapenga kodi? Matayala amenewo aphulika!" Jorge anakuwa.

"Ulendo umodzi apirira," anatero Suzete. "Kwerani, bambo a Érica, mumange lamba. Ndikakuonetseni mwamunayo."