Chulu Chimene Anachiveka Mapesi

Panali munthu wina, mlimi, amene anzake ankangomutchula kuti Chidule chifukwa ntchito iliyonse ankaifunira podulira. Amene anasimba nkhaniyi akuti analipo tsikulo.

Chaka chimenecho boma la kwawoko linasintha kagawidwe ka feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Linati nthaka yatopa, ndiye wofuna kulandira ayambe wapanga mulu wa manyowa. Alimi ankalembetsa m'makalabu a anthu khumi, ndipo mmodzi akanama, kalabu yonse inkachotsedwa.

Wapampando wa kalabu ina anali apongozi ake a Chidule. Anthu atakana kulemba Chidule m'kalabumo, iwo anati, "Ameneyu ndi mkamwini wanga. Akalakwa mudzafunse ine."

Anzake anayamba kututa mapesi, ndowe, phulusa ndi madzi. Chidule ankaswera pagolosale kumvera mpira.

Tsiku lina mkazi wake anati, "Bambo a mwana, alangizi akufuna zithunzi za milu Lachisanu. Ife titumiza chiyani, nkhope zathu?"

"Usade nkhawa iwe. Akufuna chithunzi, sakufuna manyowa."

Kuseri kwa khola lake kunali chulu chofika m'chiuno. Lachinayi anachiveka mapesi, anapaka ndowe pamwamba, anawaza phulusa, n'kujambula pafoni. Anamaliza madzi a tiyi asanawire.

Mlangizi, mayi wodekha bwino, ataona zithunzizo anaimba foni. "Achimwene, mulu wanu waposa yonse! Lolemba tibwera ndi makalabu atatu, anthu adzaphunzirire kwa inu."

Mkazi uja anagwira pakamwa. "Pitani mukawauze bambo lero lomwe."

"Adzangoona n'kumapita," anayankha Chidule.

Lolemba apongozi anafika m'mawa atavala jekete, akupereka moni kwa aliyense. "Paja mumati ndi waulesi? Bwerani mudzadzionere nokha."

Anthu atazungulira muluwo, mlangizi anatenga ndodo yosongoka. "Manyowa akamapsa, mkati mumatentha. Timabaya ndodo, tikaizula imakhala yofunda. Eni ake, tabayani tione."

Chidule anabaya. Ndodo inalowa kutalika kwa chala basi. Anakankhanso ndi chifuwa, thukuta lili kamukamu, mpaka ndodo inathyoka.

"Amenewa ndiye apsadi," anatero mayi wina kumbuyo. "Mpaka asanduka njerwa!"

Anthu anafa nacho chiseko. Mlangizi anapempha khasu n'kupalasa mapesi aja. Panaoneka dothi louma, chiswe chili piringupiringu. A makalabu ena anapitiriza kuseka, koma a kalabu ya Chidule chiseko chinawathera. Anakumbukira lamulo lija.

Apongozi anavula chipewa, n'kugwada pafumbi pamaso pa mlangizi, munthu wa msinkhu wa mwana wawo.

"Mayi, ndinamuikira kumbuyo ndine. Chotsani ine ndi iyeyu. Enawa anagwira ntchito, ali ndi ana."

Chidule anawayandikira. "Bambo, chonde dzukani. Mayi, iwowa sankadziwa kanthu. Mkazi wanganso anandiletsa. Ndachita ndekha."

"Ndamva," anatero mlangizi. "Koma chithunzicho ndinatumiza kale kuofesi, ndi dzina langa pansi pake. Tsopano mulu uliwonse wa kalabu ino auyeza okha akuluakulu."

Kuyezako kunatenga milungu isanu. Mvula yoyamba inagwa mayina a kalabu yonse akadali oimitsidwa. Milu yawo itapezeka kuti ndi yeniyeni, anthu asanu ndi anayi otsalawo analandira mbewu chimanga cha anzawo chili kale m'mawondo. Chidule anachotsedwa, ndipo apongozi anatula pansi upampando popanda wowauza.

Mkazi wake anati sadzapitanso kumjigo masana mpaka iye atapepesa anthu. Choncho Chidule anayenda khomo ndi khomo. Ena anamuyankha ali m'nyumba. Wina anangomufunsa ngati wabwera ndi foni yake ija kudzajambulanso.

Khomo lomaliza linali la apongozi. Anapita ndi mkazi wake, mwana ali kumsana. Anawapeza akumasula thumba la mbewu.

"Bambo, ndabwera kudzapepesa."

"Ine ndakhululuka kale," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Koma tandiuzani, bambo. Mwana wangayu ndi mdzukulu wangayu adya chiyani chaka chino?"

Chidule anayang'ana pansi.

Apongozi anapungulira theka la mbewu yawo m'beseni. Chidule anatambasula manja kuti alandire, koma beseni linamudutsa. Analipereka m'manja mwa mwana wawo.

Phunziro: Ofesi ukhoza kuinamiza ndi chithunzi, koma nthaka sungainamize, ndipo bodza lako amagwadira ndi amene anakukhulupirira. Thandizo likabwera ndi lamulo losamala nthaka, tiyeni tigwire ntchitoyo moona, chifukwa minda imeneyi ndi imene tidzasiyire ana athu. Tumizirani abale ndi anzanu a m'kalabu nkhaniyi mvula isanagwe.