Ng'azi ya Festus

Pa 9 Febuluwale chaka chino, njinga ya Festus inapezeka m'mphepete mwa mtsinje wa Lupande, pamodzi ndi nsapato imodzi. Anthu anati ndi ng'ona. Maliro anachitika popanda mtembo.

Festus ankagwira ntchito pa loji ina kufupi ndi Mfuwe. Ankasamalira kang'azi kamene anakatola kali kovulala diso, ndipo alendo ankakonda kukajambula. Kankakhala m'khola la waya lozinga mtengo wa tsanya, kuseri kwa nyumba za antchito. Masana kankaothera dzuwa pa nthambi yapamwamba, kukazizira n'kulowa m'mphako. Kankakonda nkhanu. Festus ankayamba wazidula manja opanira ndi mpeni, n'kuwandandalika pamwala wa kuseri kwa khola. Mkazi wake, Delia, ankamuseka kuti ngakhale mwana wake sankamuchotsera minga ya nsomba.

Maliro atatha, manijala, Mayi Liz, anauza Delia kuti atenge ntchitoyo. Nyumba ikhala yake malinga ngati ng'aziyo ili moyo.

Delia sanalire. M'mawa uliwonse ankaika dzira, ziwala kapena nkhono m'mbale yachitsulo. Madzulo ankapeza nyerere zokha zikudya. Nkhanu sanayese n'komwe, chifukwa kumtsinje sankafunanso kupondako. Ng'aziyo inkangomuyang'ana ili m'mwamba, n'kutulutsa lilime. Mlonda Paskale anati nyamayo ikulira mbuye wake, ndipo zotere zimafa mwakachetechete. Delia anayamba kulongedza ziwiya, n'kutumiza mwana wake Kondi kwa mlongo wake ku Msoro.

Mvula itatha, Mayi Liz anabwera ndi sikelo. Anaika ng'aziyo m'thumba, n'kulipachika. Delia anaima pambali, manja ali kumbuyo, akudikira kuuzidwa tsiku losamuka.

"Amake Kondi, mwachita bwino," anatero mayiwo. "Yanenepa kuposa kale. Mukuipatsa chiyani?"

Mayiwo atapita, Delia anafunsa Paskale ngati ndiye amaidyetsa. Paskale anaseka, nati iye chinthu chimenecho sangachiyandikire ngakhale atamulipira.

Delia anazungulira kuseri kwa khola, kumene anali asanapiteko chichitikire maliro. Udzu unali wopondedwa, ndipo kanjira katsopano kankadutsa pansi pa zenera la chipinda chake. Pamwala paja panali manja a nkhanu, odulidwa ndi mpeni, ondandalikidwa bwinobwino. Awiri akumapeto anali asanaume.