Nambala ya pa Chitseko

"Nambala ili kuti, mama?" anafunsa m'Chizulu mkulu wa ku khonsolo, akugogoda chitseko ndi cholembera.

Farhana anayang'ana pachitsekopo, nambala panalibe. Anali atangofika kuchokera ku Morningside, kumene amagonera kuntchito, ndipo chitseko cha chisakasa chake ku Phoenix chinali kunyezimira ndi penti wobiriwira.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, a khonsolo analemba 214 pachitsekopo. Tsopano boma linali litavomereza zomanga nyumba pamalopo. Eni zisakasa zokhala ndi nambala adzalandira makiyi, koma zopanda nambala ndi za obwera dzulo, zigwetsedwe. Popeza Farhana anali mlendo m'dzikomo, dzina lolembedwa m'kaundula pa nambalayo linali la mwana wake wamkazi, wa bambo wachizulu amene anamwalira kale.

Farhana analowa m'nyumba, nanong'ona m'Chichewa kuti apanja asamve. "Achimwene, chitseko mwachitani?"

Ayub, mlongo wake amene anafika kuchokera ku Mangochi sabata yatha, anamwetulira. Chizulu sankachimva.

"Mawa ndi Idi, achemwali. Kwathu nyumba silowa Idi ili mbuu. Ana opulupudza anakulemberani pachitseko, ndakonza."

"Mphindi zisanu," anatero mkulu uja. Kumbuyo kwake kunaima amuna onyamula nyundo.

Farhana anatenga mpeni nayamba kupala. Pansi pa penti wobiriwira panali woyera. Anapalabe mpaka chala chinatuluka magazi. Kenako linaoneka thabwa, losalala bwinobwino.

"Musadzivute, achemwali, sangamatuke penti ameneyo," anatero Ayub monyadira. "Ndinayamba ndapala kaye zonse ndi sandipepa. Ine sindipaka pamwamba pa zakale ngati amisiri akuno."