Lole ya Katundu Pageti

Ndinali mkati mokolopa pabalaza pamene alamu anga analowa ndi nsapato zamatope.

"Mlamu, siyani kaye zimenezo. Pageti pali bambo ndi lole ya katundu, akuti nyumba ino ndi yawo."

Ndinatuluka chokolopera chili m'manja. Bamboyo ananditambasulira pepala logulira nyumba. Wosaina anali yemweyo amene anandigulitsa ine, ndipo deti lake linali lakale kuposa langa. Ana anga ndipita nawo kuti?

"Koma munakalembetsa ku ofesi ya zamalo, achimwene?" alamu anafunsa bamboyo.

"Kulembetsa chiyaninso? Pepala ndi ili, ndimalisunga m'sutikesi," anayankha bamboyo.

Alamu omwewa ndi amene anandikoka tsiku losamukira muno, matiresi adakali panja, kukaima pamzere ku ofesi ya zamaloko mpaka dzina langa litalowa m'kaundula. Njira yonse ndinkawanena kuti amasowa chochita.

Alamu anaimba foni ku ofesiko, tonse tikumva. Mayi wa kumeneko anatchula nambala ya puloti, kenako dzina langa. Langa lokha.

Bamboyo anakhala pansi. Pamwamba pa lole panali kanjinga ka mwana. Ndinakawatungira bamboyo madzi akumwa, ndikanatani.

"Paja ine ndimasowa chochita eti?" anandinong'oneza alamu.

"Khalani chete inu. Lero ntchafu zonse ziwiri za nkhuku ndi zanu. Koma nsapatozo muvule."

Ndinabwerera pabalaza. Matope aja anali atayamba kuuma. Ndinagwada n'kuyamba kukwecha, osadandaula. Pansi pake ndi panga.