Maphunziro a Nyama

Chikhazikitsireni lamulo loti wophunzira sayansi ya zamoyo azisunga kwa makolo ake chamoyo chimene akuphunzira, kusankha kosi kunasanduka nkhani ya banja lonse.

Tinyade ankafuna za zomera, koma bambo ake, a Kamwendo, anali atatopa ndi bonongwe.

"Masamba tawaphunzira mokwanira m'nyumba muno. Lemba za nyama, mwanawe."

Bambowo anagula makala ndi tsabola, n'kumadikira. Lachisanu galimoto ya yunivesite inatsitsa bokosi, ndipo m'menemo munasuzumira kang'ona.

"Tikawotcha liti?" anafunsa bambowo.

"Kakafa ndiye kuti ndalephera mayeso, ababa. Komanso kamadya nkhuku ziwiri pa sabata."

A Kamwendo anayang'ana khola lawo la nkhuku, kenako anadzuka kukathyola bonongwe.