Chisa cha Uchi Chimene Chiuli Anam'mana Nsadzu

Padangokhala Chiuli, amene anafuna kukaona kumene dzuwa limakagona. Njira sankaidziwa, ndiye mbalame Nsadzu inkauluka patsogolo, kumuonetsa madzi ndi njuchi. Mwambo ngwakuti ukafula uchi umam'siyirako Nsadzu chisa. Koma Chiuli ankadya zonse, ndipo atabwerako anadzitama kuti njirayo anaipeza yekha.

Atakalamba, maso atachita chidima, mtima unam'tsutsa. Analuma chisa cha uchi nalowera kumadzulo kukapepesa, koma anasochera pamtsinje woyamba.

"Achimwene, mwaphonyanso njira!" Anali Nsadzu mumtengo, nayenso nthenga zitathothoka.

"Ndinakulakwirani, a Nsadzu. Uchi wanu uwu."

"Tulani pansi tidye tonse," anatero Nsadzu. "Tikatha ndikuperekezani kwanu. Inu muzingotsata mawu anga."

Nthano yanga yatsamira pomwepa.