Mayi amene Arlindo ankati anamupha

Panali munthu wina ku Tete dzina lake Arlindo. Kwawo kunali ku Angónia, koma anabwera mumzinda kudzayendetsa lole yonyamula mchenga. Ankakhala m'dera la Samora Machel ndi mkazi wake Zélia, ndipo Lamulungu sankajomba ku Misa.

Tsiku lina masana akudutsa ku Degue pa lole yake, foni inalira. Anawerama kuti aone amene akuimba. Podzutsa mutu anali atagunda kale mayi wina amene ankayenda m'mbali mwa msewu atasenza beseni la tomato. Arlindo anayang'ana pagalasi. Mayiyo anali gone m'ngalande, osagwedezeka, anthu akuthamangira komweko. Iye anaponda moto n'kuthawa.

Atafika kunyumba anauza mkazi wake zonse.

"Bambo, bwererani," anatero Zélia. "Ngati mukuopa kumenyedwa, pitani ku esquadra mukadzipereke kwa apolisi."

"Ukufuna ndikafere m'ndende? Munthuyo wafa. Kubwerera kwanga sikungamudzutse."

"Nanga Mulungu mudzamuuza chiyani?"

"Usanditchulirenso zimenezo."

Palibe amene anabwera kudzamufuna, chifukwa nambala ya lole inali yokutidwa ndi fumbi. Koma mtendere unamuthawa. Anasiya kupita kutchalitchi, akuti munthu wa magazi m'manja sangayandikire guwa. Anayamba mowa. Abwana akamutuma ku Degue ankanamizira kudwala. Wapolisi akangomuimika pamsewu, ankaganiza kuti amutulukira. Zinatha zaka zinayi ali choncho.

Ndiye mnzake wa kuntchito, Edilson, anagwa mwadzidzidzi akumanga tayala, n'kumwalira pomwepo. Anali munthu wamphamvu, wosadwaladwala. Arlindo ananyamula nawo bokosi, ndipo pochokera kumanda sanapite kunyumba. Analunjika kwa Padre, wansembe wa parishi yawo, n'kuulula zonse akulira.

"Ndinapha munthu, Padre. Mulungu angandilandirenso ine?"

"Wakhala akukudikira kuyambira tsiku lomwelo," anayankha Padre. "Palibe tchimo lokula kuposa chifundo chake. Koma mwana wanga, ku Degue kuli banja lomwe mpaka lero silikudziwa amene anawachita zimenezi. Kulapa kwenikweni kumafika kumenekonso."

Loweruka m'mawa Arlindo ananyamula bulangete ndi malaya awiri, podziwa kuti mwina sabwerako. Zélia anamuperekeza. Atafika pamalo paja anafunsa amayi ogulitsa makala.

"Pepani amayi, ndikufuna banja la mayi amene anamwalira pano atagundidwa ndi lole, zaka zinayi zapitazo."

Amayiwo anayang'anana. Mmodzi anati, "Anamwalira? Pano palibe anafa ndi lole. Kapena mukunena dona Gracinda, otsimphina aja? Nyumba yawo ndi iyo ya chitseko chobiriwira."

Arlindo ndi mkazi wake analunjika kunyumbayo.

Anapeza Gracinda ali pamphasa akusankha nyemba, ndodo ili pambali. Mwamuna wake Benedicto ankakonza njinga. Anali anthu amene anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo n'kubwerera mtendere utabwera, choncho chilankhulo sichinavute. Arlindo anagwada pafumbi.

"Amayi, amene anakugundani n'kuthawa uja ndine. Ndilibe chodzikanira. Ndinali pafoni."

Benedicto anataya sipanala n'kuimirira. "Ndiwe? Miyezi itatu mkazi wanga ali m'chipatala! M'mwendo mwake muli chitsulo, sangathenso kusenza katundu. Lero ndiye ukubwera?"

"Chitani nane chimene mukufuna, bambo. Ndabwera ndi bulangete langa."

Gracinda anamuyang'ana Arlindo. Kenaka anati, "Bambo, takhalani pansi. Inunso achimwene dzukani, mukhale pampandopo."

Arlindo sanadzuke.

"Ndikuuzeni zoona," anapitiriza Gracinda. "Zaka ziwiri ndinkapempha Mulungu kuti lole yanu igwere mu Zambezi. Ndikamapemphera Atate Athu, pofika poti monga ifenso tikhululukira adani athu, ndinkatseka pakamwa. Ndinadzaona kuti chidani chikundidya kuposa mwendowu, ndiye ndinakusiyani m'manja mwa Mulungu ndisanakuoneni nkhope. Chimene chinkandipwetekabe n'choti munthu anandisiya m'ngalande ngati galu, osafuna n'kudziwa komwe kuti ndine yani. Lero mwabwera. Ndakukhululukirani."

Benedicto sanafewe msanga. Anaumirira kuti nkhaniyo ikafike kwa apolisi, ndipo Arlindo anavomera. Anapita onse anayi. Kumeneko Gracinda ananena poyera kuti safuna munthuyo amangidwe. Nkhani inayenda masabata angapo, Arlindo analandira chilango chake ndipo anamuletsa kuyendetsa galimoto kwa kanthawi, koma kundende sanapite.

Tsiku lomwe nkhani inatha, potuluka panja, Benedicto anamupatsa dzanja. "Mtima wanga sunapole," anatero, "koma mwamuna wobwera yekha kudzagwada sindingamukane moni. Mudzabwere kunyumba."

Akudikira basi, Arlindo anakhala pamwala, akuseka uku misozi ikutsika.

"Zélia, mayi uja ali moyo."

"Ndamva bambo, mwanena kakhumi."

"Ndisiye ndinenenso. Ali moyo!"

Phunziro: Tchimo lobisidwa limazunza mwini wake kuposa chilango chimene akuchithawa. Arlindo analira zaka zinayi maliro a munthu wamoyo chifukwa chokana malangizo a mkazi wake. Ngati pali chimene munachita, musadikire kuti munyamule bokosi la mnzanu kuti mukumbukire Mulungu. Lapani lero, ndipo kapepeseni amene munamulakwira akadali moyo. Inunso olakwiridwa, khululukani. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa ena, mwina pali wina amene akuopa kubwerera.